Mmene mungayezere sukulu ya charter musanalembetse mwana ku America

Sukulu ya charter ndi ya boma, ngakhale yunifolomu ya ana ndi zikwangwani zake zingakupangitseni kuganiza kuti ndi ya pulayiveti. Imayendera ndalama za misonkho, fizi palibe, ndipo mafomu akachuluka kuposa malo imayenera kuchita maere, osati kusankha ana anzeru okha. Kusiyana kwake ndi sukulu zina za boma n'kwakuti ili ndi komiti yakeyake, ndipo imagwira ntchito pa mgwirizano wa zaka zowerengeka ndi bungwe lomwe linaipatsa chilolezo. Lamulo loyamba lololeza sukulu zotere linakhazikitsidwa ku Minnesota mu 1991. Pofika 2021, ana pafupifupi 3.7 miliyoni ankaphunzira m'sukulu za charter pafupifupi 7,800.

M'madera a anthu opeza movutikira a mizinda ngati Indianapolis, South Bend, Washington DC, Newark ndi Detroit, komwe ena mwa abale athu akulerera ana, sukuluzi zili mbwee, ndipo iliyonse imadzitama. Kafukufuku wa bungwe la CREDO la ku Stanford University wa mu 2015, yemwe anaunika madera 41 a m'mizinda, anapeza kuti ana a m'sukulu za charter amapindula ngati awonjezeredwa masiku 40 a masamu ndi masiku 28 a kuwerenga pachaka. Komatu chimenecho ndi chiwerengero cha pakatikati. M'kati mwake muli Boston ndi Newark komwe ana anapindula kwambiri, mulinso mizinda komwe ana a charter ankatsalira m'mbuyo mwa anzawo. Dzina lakuti charter palokha silikuuzani kanthu za sukulu yomwe ili pamsewu wanu. Zoti mufufuze n'zitatu: ngati ana akupita patsogolo, ngati ana omwe analowa akukhalitsa, ndiponso ngati sukuluyo idzakhalapobe mwana wanu akamadzafika kalasi yomaliza.

Yambani ndi amene anapereka chilolezo

Bungwe lopereka chilolezo amalitcha authorizer, ndipo dzina lake mulipeza pa tsamba la pa intaneti la sukuluyo kapena la dipatimenti ya maphunziro ya chigawo (state) chanu. Ku Indiana mabungwewa alipo angapo: ofesi ya meya wa Indianapolis, yomwe inapatsidwa mphamvuzi ndi lamulo la mu 2001, Indiana Charter School Board, ndi mayunivesite monga Ball State. Ku Washington DC ndi limodzi lokha, DC Public Charter School Board, lomwe limapereka chilolezo cha zaka 15 n'kumaunikanso sukuluyo zaka 5 zilizonse.

Pa tsamba la bungwelo funani lipoti la pachaka la sukuluyo ndi chaka chomwe chilolezo chidzathe. Onani ngati inalandirapo kalata yochenjeza kapena inaikidwa pa nthawi yoyesedwa. Onaninso ngati inasinthapo bungwe loiyang'anira. Kumene mabungwe ali ambiri, zimachitika kuti sukulu ikaona kuti aitsekera imathawira kwa wina wofewerapo. Mukaona kusintha kotere, funsani chifukwa chake ndipo muwerenge kalata yomaliza ya bungwe loyambalo.

Musayezere chiwerengero cha okhoza chokha

Apa ndi pomwe makolo ambiri amagwira fuwa lamoto. Ambirife tinazolowera kutama sukulu poona kuchuluka kwa ana osankhidwira ku sekondale. Ku America nako chiwerengero cha okhoza mayeso a boma ndi chomwe chimalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Lamulo la maphunziro la boma lalikulu, la ESSA, la mu 2015 limafuna kuti ana alembe mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse kuyambira giredi 3 mpaka 8, ndi kamodzi ku hayi sukulu, ndipo zotsatira za sukulu iliyonse zimasindikizidwa poyera. Ku Indiana mayeso a giredi 3 mpaka 8 ndi ILEARN.

Vuto lake n'lakuti chiwerengero cha okhoza chimatsatira kwambiri kapezedwe ka mabanja. Mwana wofika ku kindergarten, kalasi yoyambira asanalowe giredi 1, akudziwa kale zilembo amakhoza ngakhale sukulu ili yofooka. Wofika ali m'mbuyo ndi zaka ziwiri akhoza kuphunzitsidwa bwino kwambiri chaka chonse koma osafikabe pa mzere wokhozera. M'dera la anthu osauka, chiwerengerochi chimakuuzani za derali kuposa za aphunzitsi. N'chifukwa chake malikisi a masamba a pa intaneti oyika sukulu pa mndandanda, monga GreatSchools, simuyenera kuwatenga ngati chigamulo.

Chofunika ndi muyeso wa kukula, womwe pa malipoti amaulemba kuti growth. Uli ngati kadi ya kusikelo: namwino saona kulemera kwa lero kokha, amaona ngati mzere ukukwera mwezi ndi mwezi. Zigawo zambiri zimagwiritsa ntchito student growth percentile. Amatenga mwana, n'kumuyerekeza ndi ana ena onse a m'chigawocho omwe anapeza malikisi ofanana ndi ake chaka chatha, kenaka n'kumupatsa nambala kuyambira 1 mpaka 99. Nambala 50 ndi pakati. Ku Massachusetts amati sukulu ikakhala pakati pa 40 ndi 60 ndiye kukula kwa masiku onse, kupitirira 60 ndi kukula kwakukulu.

Tiyerekeze sukulu ziwiri za dera limodzi. Yoyamba, ana 45 pa 100 aliwonse akhoza masamu koma kukula kwake ndi 41. Yachiwiri, akhoza ndi 28 okha koma kukula kwake ndi 63. Yachiwiriyo ndi yomwe ikuphunzitsa. Ana ake anafika ali kutali ndipo akuthamanga kuposa anzawo. Yoyambayo inalandira ana okonzeka kale ndipo akukula mochepera pang'ono poyerekeza ndi anzawo.

Tengani zaka zitatu zotsatizana, osati chaka chimodzi, chifukwa pa sukulu yaing'ono kalasi imodzi yokha ikhoza kukweza kapena kugwetsa nambala. Kenaka tsegulani magulu: ana a m'mabanja osauka, ana omwe akuphunzira Chingerezi, ana a zosowa zapadera. Yang'anani gulu lomwe mwana wanu angagweremo. Mukapeza nyenyezi m'malo mwa nambala, ndiye kuti ana a gulu limenelo ndi ochepa kwambiri moti boma labisa zotsatira poteteza chinsinsi chawo, ndipo kuchepako nako ndi nkhani yoti mufunse. Manambala omwewa muwatengenso a sukulu ya boma ya m'dera lanu, yomwe mwana ali ndi malo kale, n'kuwaika pambali pa a charter. Nthawi zina yakaleyo ndi yomwe imapambana.

Werengani ana, kalasi ndi kalasi

Ntchito iyi ndi ya pensulo ndi pepala, ndipo imaulula zomwe palibe mphunzitsi wamkulu angakuuzeni. Dipatimenti ya maphunziro imasindikiza chiwerengero cha ana a giredi iliyonse chaka ndi chaka. Sankhani gulu limodzi n'kulilondola. Ngati giredi 5 inali ndi ana 90, giredi 6 chaka chotsatira 78, giredi 7 ana 66, giredi 8 ana 55, ndiye kuti ana 35 asowa panjira ndipo malo awo sanadzazidwe. Zotsatira zokongola za giredi 8 ndi za otsalawo basi.

Kusamuka n'kofala m'madera omwe anthu amakhala nyumba za lendi, choncho kuchepa kwina n'kosapeweka. Koma sukulu yoona mtima imalandira ana atsopano kudzaza malowo, ngakhale pakati pa chaka. Funsani mwachindunji kuti amalandira ana atsopano mpaka giredi iti, ndiponso kuti mwa ana omwe analipo mu October ndi angati analipobe mu May. Ku hayi sukulu yerekezani giredi 9 ndi giredi 12 ya zaka zitatu pambuyo pake, kenaka muone chiwerengero cha omaliza m'zaka zinayi. Sukulu ikamanena kuti ana ake onse a giredi 12 alandiridwa ku koleji, funso ndi lakuti anayamba angati.

Onaninso nthawi yomwe ana amachokera. Ndalama za boma zimatsatira mutu wa mwana, ndipo m'zigawo zambiri ana amawerengedwa pa tsiku loikika. Makolo akamakuuzani kuti ana ovuta amayamba kukankhidwa tsikulo likangodutsa, kapena mayeso a boma akamayandikira, musawatenge ngati amiseche.

Kukankha mwana sikuchitika ndi kalata yomuchotsa. Kumachitika ndi foni ya tsiku ndi tsiku kuti bwerani mudzamutenge, misonkhano yosatha nthawi ya ntchito, kuopseza kuti abwereza kalasi, mpaka kholo kutopa n'kumusamutsa lokha. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti pa sukulu ina ya Success Academy ku Fort Greene, ku Brooklyn, panali mndandanda wa ana 16 omwe mphunzitsi wamkulu ankafuna kuti achoke. Gulu la sukulu limenelo limakhoza mayeso mochititsa kaso, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuikumbukira: zotsatira zabwino ndi kukankha ana zikhoza kukhalira limodzi.

Chilango ndi kujomba

Pemphani buku la malamulo a sukulu, lomwe amalitcha family handbook, muliwerenge musanasaine. Onani zolakwa zomwe zimaimitsa mwana sukulu. Ndewu ndi zida n'zomveka. Koma ngati kuiwala lamba, kuyankhula pa mzere kapena kusayang'ana mphunzitsi kumasonkhanitsa mapointi ofikitsa mwana poimitsidwa, ganizirani khalidwe la mwana wanu mosadzinamiza. Alipo ana omwe amakula bwino pa malamulo okhwima chonchi, aliponso omwe amafota.

Chiwerengero cha ana oimitsidwa chimapezeka pa lipoti la chigawo komanso mu Civil Rights Data Collection ya boma lalikulu, ngakhale iyi imatuluka mochedwa. Chiyerekezeni ndi cha sukulu zoyandikana nazo. Kuimitsa ana a kindergarten ndi giredi 1 kawirikawiri n'chizindikiro chakuti aphunzitsi alibe thandizo. Dziwaninso ufulu wanu: khoti lalikulu linagamula mu 1975, pa mlandu wa Goss v. Lopez, kuti mwana wa sukulu ya boma asaimitsidwe popanda kuuzidwa mlandu wake ndi kupatsidwa mpata woyankhapo. Akakuimbirani kuti mudzamutenge masana, pemphani kuti alembe, chifukwa kuimitsa kosalembedwa sikuoneka pa chiwerengero chilichonse.

Pa kujomba, musakhutire akakuuzani kuti ana 93 pa 100 amabwera tsiku lililonse. Funani chronic absenteeism, kutanthauza ana omwe ajomba masiku 10 pa 100 aliwonse, pafupifupi masiku 18 pa chaka cha masiku 180. Nambala yoyamba ija ikhoza kuoneka bwino pomwe mwana mmodzi mwa anayi akujomba mwezi wathunthu.

Pitani mukaone nokha

Tsiku lomwe akonzera alendo si loyezera sukulu. Pemphani kukayendera Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, maphunziro ali m'kati, ndipo mupemphe kulowa makalasi awiri kapena atatu, kuphatikizapo ya giredi yomwe mwana wanu adzalowe. Akakana kotheratu kuti muone kalasi, lembani zimenezo.

M'kalasi khalani mphindi 15. Imani kumbuyo muwerenge ana omwe akugwira ntchito yomwe apatsidwa ndi omwe angokhala. Kukhala chete sikutanthauza kuphunzira. Onani amene akuyankhula kwambiri, mphunzitsi kapena ana, ndiponso ngati amafunsa okweza manja okha. Mwana akalakwitsa yankho, mphunzitsi amangodumphira kwa wina kapena amabwerera kwa iye mpaka amvetse? Ngati theka la nthawi ana ali pa kompyuta atavala zomvera m'makutu, mphunzitsi ali pa desiki, funsani kuti ndi maola angati patsiku omwe amakhala chonchi.

Ntchito zopachikidwa pakhoma ndi zosankhidwa. Pemphani kuona foda kapena kope la mwana wapakatikati, dzina litabisidwa, muyerekeze zolemba za kumayambiriro kwa chaka ndi za posachedwa. Ziganizo zatalika? Mphunzitsi analembapo chothandiza kapena ndi chizindikiro chochonga chokha? Mwana anakonza zomwe analakwitsa?

Kwa ana a kindergarten mpaka giredi 2, funso lalikulu ndi la kuwerenga. Funsani dzina la pulogalamu yomwe amaphunzitsira ndi mphindi zomwe amapatula tsiku lililonse kuphunzitsa maliwu a zilembo, phonics. Chingerezi sichilembedwa mmene chimamvekera ngati Chichewa, choncho mwana wophunzitsidwa kungoyerekeza mawu poona chithunzi amaoneka ngati akuwerenga mpaka mabuku opanda zithunzi atafika. Ku Indiana nkhaniyi yakula chifukwa lamulo la mu 2024 limati mwana wolephera mayeso a kuwerenga a IREAD akhoza kubwereza giredi 3. Funsaninso mayeso omwe amayezera ana m'kati mwa chaka, monga NWEA MAP, i-Ready kapena DIBELS, omwe nthawi zambiri amalembedwa katatu pachaka, ndi chomwe amachita ndi mwana wopezeka ali m'mbuyo: gulu la ana angati, mphindi zingati, kangati pa sabata, ndi ndani. Yankho lopanda manambala ndiye kuti dongosolo palibe.

Za aphunzitsi funsani kuti mwa omwe analipo chaka chatha abwerera angati, ndi makalasi angati omwe pano ali ndi wongogwirizira, ndipo mphunzitsi wamkulu wakhalapo zaka zingati. Sukulu yotaya aphunzitsi atatu kapena kuposa pa 10 aliwonse chaka ndi chaka imakhala ikuyambiranso nthawi zonse. Pa sukulu yolandira ndalama za Title I, zomwe boma lalikulu limapereka ku sukulu za ana ambiri osauka, kholo lili ndi ufulu wofunsa ziyeneretso za mphunzitsi wa mwana wake.

Musachoke osaona nthawi yowerukira. Imani pageti, mverani mmene akuluakulu akuyankhulira ndi ana atatopa, chezani ndi makolo omwe akudikira. Kutchalitchi kapena kumzikiti funsani za kholo lomwe linachotsako mwana. Ameneyo ndi amene angakuuzeni zambiri.

Mwana wa zosowa zapadera ndi wophunzira Chingerezi

Poti ndi sukulu ya boma, charter imamangidwa ndi malamulo oteteza ana a zosowa zapadera, a IDEA ndi Section 504. Singakane mwana chifukwa ali ndi IEP, chikalata cha thandizo lapadera. Koma ena amakana mwaulemu: amati pano tilibe zipangizo, mwina sukulu ya uko ingamuthandize bwino. Yerekezani chiwerengero cha ana a IEP pa sukuluyo ndi cha sukulu zoyandikana nazo. Chikakhala chotsika ndi theka, pali chifukwa. Funsani ngati wothandiza ana pa kayankhulidwe ndi wolembedwa ntchito pomwepo kapena amabwera kamodzi pa sabata.

Polembetsa mudzadzaza fomu yofunsa chiyankhulo cha pakhomo. Mukalemba Chichewa, mwana adzayesedwa Chingerezi, m'zigawo zambiri ndi mayeso a WIDA. Si chilango ayi, ndipo musabise chiyankhulo chanu poopa zimenezi. Mwana wochokera kumudzi posachedwa akhoza kuyankhula Chingerezi bwinobwino koma n'kumavutika ndi cha m'mabuku a sayansi. Chofunsa ndi chakuti thandizolo limaperekedwa ndi ndani, ngati limamuchotsa m'kalasi ya masamu, ndiponso kuti ana amatenga zaka zingati kuti atulukemo.

Pa mlandu wa Plyler v. Doe wa mu 1982, khoti lalikulu linagamula kuti mwana asamanidwe sukulu ya boma chifukwa cha mapepala olowera m'dziko. Sukulu ikhoza kupempha umboni wa komwe mukukhala, wa zaka za mwana ndi wa katemera. Siingaumirize nambala ya Social Security kapena visa kuti imulandire.

Kodi sukuluyo ikhalitsa?

Sukulu za charter zimatsekedwa, ndipo zambiri zimagwa ndi ndalama, osati mayeso. Mu January 2018 sukulu ya pa intaneti ya ECOT ku Ohio inatsekedwa pakati pa chaka, ana pafupifupi 12,000 n'kusowa kolowera. Za sukulu za pa intaneti zokhazokha tingonena mwachidule: kafukufuku wa CREDO wa mu 2015 anapeza kuti ana ake amatsalira ndi masiku 180 a masamu ndi 72 a kuwerenga pachaka. Zipeweni pokhapokha pali chifukwa chachikulu.

Simuyenera kukhala akauntanti. Lipoti la oona za ndalama limapezeka kwa authorizer, ndipo Form 990, fomu ya ndalama yomwe bungwe losapanga phindu limapereka ku ofesi ya misonkho, imapezeka mwaulere pa Nonprofit Explorer ya ProPublica. Funani masiku omwe sukuluyo ingayende ndi ndalama zomwe ili nazo m'manja. Muyeso womwe mabungwe ambiri amatsatira ndi masiku 60, ndipo pansi pa 30 ndi poopsa. Kenaka onani ngati chiwerengero cha ana onse chikutsika zaka zotsatizana, kapena chikuchepera chomwe bajeti inayembekezera. Ana akachepa ndalama zimachepa pomwe lendi ili pomwepo, ndiye oyamba kuchotsedwa amakhala othandizira m'kalasi ndi alangizi.

Fufuzani ngati komiti inapereka sukuluyo m'manja mwa kampani yoyendetsa. Ena ndi mabungwe osapanga phindu monga KIPP, ena ndi makampani a phindu, omwe ndi ochuluka ku Michigan. Funsani gawo la ndalama lomwe kampaniyo imatenga ndiponso mwini wake wa nyumba, madesiki ndi makompyuta. Nyumba ikakhala ya kampani yomweyo, kapena ya wachibale wa woyambitsa sukulu, komiti imavutika kwambiri kuichotsa kampaniyo ngakhale italephera ntchito. M'zigawo zambiri misonkhano ya komiti ndi yapoyera. Werengani maminitsi a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Komiti yomwe imangovomereza zonse m'mphindi 20, osakambirana za kuwerenga kwa ana, siikuyang'anira kalikonse.

Basi, chakudya ndi maere

Sukulu yabwino yomwe mwana sangafikeko pa nthawi yake ilibe phindu. Sukulu zambiri za charter zilibe basi. Yesani ulendowo nokha nthawi ya m'mawa, mukumbukire chisanu cha January, ndipo muuyerekeze ndi mashifiti anu. Funsani za tsiku lomwe amaweruka msanga pa sabata, mtengo wosungira ana akaweruka, ndi mtengo wa yunifolomu ngati imagulidwa kwa wogulitsa mmodzi. Si sukulu zonse za charter zomwe zili mu pulogalamu ya boma ya chakudya, yomwe imapereka chaulere kwa mabanja opeza mpaka 130 peresenti ya mzere wa umphawi ndi chotsika mtengo mpaka 185 peresenti.

M'mizinda ina fomu ndi imodzi ya sukulu zambiri: Enroll Indy ku Indianapolis, My School DC ku Washington komwe mungalembe sukulu mpaka 12. Masiku otsekera amafika miyezi yambiri sukulu isanatsegulidwe, ndipo wochedwa amapeza zotsala. Lembani sukulu motsatira mmene mukuzifuniradi. Maerewa anakonzedwa moti kuika yovuta kulowa pamwamba sikukuchepetserani mwayi pa zinazo. Ngati muli ndi mwana wina pa sukulu yomweyo, chongani pomwe akufunsa za abale, chifukwa zimamuika patsogolo. Mukakhala pa mndandanda wodikira, musamuchotse mwana komwe ali mpaka mutalandira kalata yotsimikiza malo.

Akalowa, pemphani pepala la zotsatira za mayeso oyamba a MAP kapena DIBELS m'masabata asanu ndi atatu oyambirira, mulisunge. Mu January pemphani lachiwiri muwaike pamodzi. Ngati mzere sunakwere, pemphani kukumana ndi mphunzitsi sabata yomweyo kuti alembe chomwe achite ndi tsiku lodzayezanso, ndipo muone masiku otsekera mafomu a chaka chamawa akadali otsegula.